Kalulu Wam'khola ndi Kalulu Wam'nthano

Munthu woyenda m'tinjira ta pakati pa nyumba m'dera la Tsabango, ku Area 23, ku Kawale kapena ku Biwi, akamaponya maso kuseri kwa nyumba, sachedwa kuona timakola ta nsungwi ndi matabwa otsala kwa akalipentala, tofoleredwa ndi zidutswa za malata, toimikidwa pa mitengo inai. M'timakola timeneti muli akalulu. Kaŵirikaŵiri eniake ndi anyamata a sukulu, ngakhale kuti alipo amai ndi abambo amene adaona kuti pa puloti yopanikizika, pamene mbuzi ingautse mlandu ndi anansi ndipo nkhuku zimasesedwa ndi chitopa chaka ndi chaka, kalulu ndiye chiŵeto chopanda phokoso, chosalira malo aakulu, chodya zimene munthu sadya. Kuŵeta kumeneku n'koyamikika ndithu. Lilongwe, amene adakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, adapezeka ndi anthu 989,318 pa kalembera wa 2018, ndipo m'makomo ambiri a anthu ameneŵa nyama imaoneka patalipatali.

Komabe m'makolamu mukuchitika chinthu chimodzi chofunika kuchidzudzula poyera, ndicho kutaya ana a kalulu m'dzina la kupatsa. Kalulu akaswa, mbiri imamveka m'mudadada monse, ndipo ana a anansi amayamba kudzasuzumira pa khola tsiku ndi tsiku, aliyense akuloza kake. Pakangopita masabata atatu, tianato titatuluka m'chisa, ubweya uli see, maso ali gwa, mwinikhola amagonja. Kena amapatsa msuweni, kena amagulitsa kwa mnzake wa m'kalasi pa mtengo wa zitumbuŵa, kena amasinthanitsa ndi nkhunda. Kakalulu kamanyamulidwa m'katoni kapena m'jumbo, mwinanso pogwira makutu, n'kukafikira pa nyumba yopanda khola, kumene kamagona kovundikiridwa ndi beseni, n'kupatsidwa mkute ndi masamba a kabichi otola pa msika. Sabata lisanathe mimba yatupa, kumbuyo kwanyoŵa, ndipo m'maŵa wina kamapezeka katauma. Kamaponyedwa kudzala, ndipo onse amagwirizana kuti akalulu ndi nyama zosalimba. Palibe amene amabwerera kwa wopatsa uja kukamufunsa kuti kanyamako kadali ndi masiku angati pamene kankachotsedwa kwa make. Chonsecho mlandu waukulu uli pa iyeyo.

Gwero lina la kusasamalaku lili m'dzina lenilenilo. Pa Chicheŵa cha masiku onse dzina limodzi limatchula nyama ziŵiri zosiyana. Kalulu amene ana amamumva m'nthano za agogo, uja ankapusitsa Njovu ndi Fisi, ndi kalulu wakutchire, nyama ya miyendo yaitali ndi liŵiro, yogona pansi pa chiputu cha udzu. Ana ake amabadwa ali ndi ubweya kale, maso ali openya, ndipo tsiku lomwelo amatha kudumpha ndi kubisala okha. Kalulu wam'khola ndi mlendo kuno. Makolo ake adachokera ku Spain ndi ku Portugal, kumene amakhala m'mauna okumba pansi, ndipo ku Malaŵi adabwera ndi anthu. Ana ake amabadwa bere litatha masiku ngati 31, ali psuu ngati ana a mbeŵa, opanda ubweya, osapenya, osamva, aliyense wolemera ngati dzira la nkhuku. Mwana wa munthu amene adakula akumva kuti Kalulu sasoŵa nzeru yopulumukira amayesa kuti kanyama kam'katoni kaja kadziŵa chochita, pamene iko sikadziŵa kanthu koma bere la make.

Tsono chisamaliro chimayamba tianato tisanabadwe. Woŵeta wanzeru amalemba tsiku limene adapititsa kalulu wamkazi ku khola la wamphongo, pakuti wamkazi ndiye amapita. Wamphongo akaloŵetsedwa m'khola la wamkazi kaŵirikaŵiri pamabuka ndeu. Pofika tsiku la 28 amaika m'khola kabokosi kouma kokhala ndi udzu wofeŵa, ndipo make amamalizitsa yekha chisa pozula ubweya wa pachifuŵa ndi pamimba pake. Wamphongo asakhalemo. Madzi akhalepo usana ndi usiku, ndipo apa mpofunika kunenetsa, popeza chikhulupiriro chakuti kalulu samwa madzi chidazika mizu pakati pa anyamata ambiri. Kalulu woyamwitsa amamwa kwambiri, ndipo ludzu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimachititsa make kudya ana ake atangobadwa. M'madera amene madzi amachita kugula pa kiyosiki ndi ndoŵa, kuiŵala khola n'kwapafupi, koma madzi amene kalulu mmodzi amafuna sangasaukitse banja.

Nyengo ya Lilongwe ili ndi misampha iŵiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku umazizira mpaka kutsika madigiri 10, ndipo kamwana kamene katuluka m'chisa kali kakamira ku bere la make sikatha kubwereramo kokha, nayenso make sanyamula ana ake ndi pakamwa monga achitira mphaka. Kakapezeka m'maŵa kali zii, kafunditsidwe m'manja kapena pachifuŵa n'kubwezeredwa pakati pa anzake, chifukwa nthaŵi zambiri kamatsitsimuka. M'mwezi wa Okutobala msampha umatembenuka: khola la malata loima pa dzuŵa limasanduka ng'anjo, ndipo kalulu, amene satuluka thukuta monga munthu, amavutika kutentha kukapyola madigiri 30. Mthunzi wa mango kapena denga la udzu pamwamba pa malata zimapulumutsa khola lonse. Adani ena ndi odziŵika kale: makoswe amene amaloŵa pa kampata kochepa n'kudya tiana m'chisa, linthumbwi lokwera ndi mitengo ya khola, ndi agalu oyendayenda amene, ngakhale asathyole khola, amaopsa make mpaka kupondaponda ana ake.

Cholakwa china chimachokera mu mtima wachifundo. Kalulu sakhalira ana ake monga nkhuku ikhalira anapiye. Amaloŵa m'chisa kamodzi pa tsiku, mwina kaŵiri, kaŵirikaŵiri usiku kapena mbandakucha, n'kuyamwitsa mphindi zitatu kapena zisanu zokha, kenaka n'kutuluka ngati sakuŵadziŵa. Adatengera khalidweli kwa makolo ake akuthengo, amene ankatalikira una kuti asaonetse adani pamene pali ana. Mnyamata amene wakhala pa khola tsiku lonse osaona make akuyamwitsa amaganiza kuti ana akanidwa, motero amaŵachotsa n'kuyamba kuŵamwetsa mkaka wa ng'ombe kapena phala ndi sipuni. Mkaka wa kalulu uli ndi mafuta ndi zomanga thupi zoposa katatu za mu mkaka wa ng'ombe, n'chifukwa chake kuyamwa kamodziko kumakwanira, ndipo mwana amaŵirikiza kulemera kwake m'sabata loyamba lokha. Mkaka wa ng'ombe sufika pamenepo, ndiponso womwetsa mosadziŵa amatsamwitsa kamwanako. Umboni weniweni uli pa mimba. Mwana woyamwa bwino amakhala ndi mimba yodzaza, khungu losalala, ndipo amagona phee pamodzi ndi anzake. Wanjala amakhala ndi khungu lamakwinya ndipo amakwaŵakwaŵa osakhazikika. Kuyang'ana chisa kamodzi m'maŵa ndi manja oyera, kuŵerenga ana ndi kuchotsa wakufa, sikuchititsa make kuŵakana, ngakhale ambiri amaopa choncho. Ndipo make akafadi, njira yabwino ndiyo kugaŵa amasiyewo kwa kalulu wina amene adaswa masiku omwewo. Pa chifukwa chimenechi oŵeta oyandikana amachita bwino kukweretsa akalulu ao sabata limodzi.

Maso amatsekuka pakati pa tsiku la 10 ndi la 12. Pofika masabata atatu ana amatuluka m'chisa n'kuyamba kulaŵa zimene make akudya, ndipo apa mpamene diso la munthu limanyengeka, pakuti kanthu kodumpha ndi kotafuna udzu kamaoneka ngati kakula. M'mimba mwake zinthu zimakhala zisanakhazikike. Kalulu amagaya udzu mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'thumbo lalikulu, ndipo mwana sabadwa nato: amatitenga pang'onopang'ono kwa make, mwa zina podya zitosi zimene make amasiya m'chisa. Pamene tizilombo tabwinoti tikuchulukana, mkaka wa make ndiwo umatchinjiriza matumbo ku tizilombo toipa. Kumchotsa mwana pa msinkhu umenewu ndiko kumlanda mkaka, kumsinthira chakudya, kumsinthira malo ndi kumuopsa pa ulendo, zonse tsiku limodzi. Zotsatira zake ndi zija zatchulidwa kale: kutupa mimba ndi kutsekula. Pamwamba pa izi pali matenda a coccidiosis, ofala kudzera m'zitosi pa khola lonyoŵa, amene amagwira matumbo ndi chiŵindi makamaka cha ana ongoleka kuyamwa. Ndipo wodwalitsa akathamangira ku golosale kukagula makapisozi a anthu, adziŵe kuti amoxicillin ndi mankhwala ena a mtundu wa penicillin, kalulu akamwa, amapha tizilombo tabwino tija ndipo kaluluyo amafa ndi mankhwalawo.

Chomwecho muyeso woyenera makola a ku Tsabango ndi uwu: mwana ayamwe masabata 6, akhalenso masabata aŵiri m'khola lomwelo pamodzi ndi abale ake akudya yekha, ndipo achoke pakhomo atakwanitsa masabata 8. Wina anganene kuti alimi akuluakulu a ku France ndi ku Italy amaletsa ana kuyamwa pa masabata asanu okha. N'zoona, koma akalulu ao amadya chakudya chopangidwa ku fakitale choyezedwa bwino, ndipo amakhala m'nyumba zimene kutentha kwake amachita kuongolera. Kalulu wa ku Area 23 amadalira chisoso, khovani, bonongwe, kholoŵa ndi madeya a kuchigayo, ndipo pa chakudya chotere amakula pang'onopang'ono. Winanso anganene kuti mnyamata akufuna ndalama ya makope lero, sangadikire mwezi wina. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo munthu wokhuta asalipeputse. Komabe kalulu wa masabata 8 amagulidwa pa mtengo woposa wa kakhanda, ndipo wogula amene kalulu wake wakhala moyo amabweranso, n'kubwera ndi mnzake, pamene uja kake kadafa patapita masiku anai amauza mudadada wonse kuti pakhomo paja pali akalulu odwala.

Koma ngakhale masabata 8 akwane, funso lalikulu limatsalabe: ana onseŵa apita kuti? M'chaka cha 1202 katswiri wa masamu wa ku Italy, Leonardo wa ku Pisa, amene ambiri amamdziŵa ndi dzina lakuti Fibonacci, adapereka samu ya akalulu aŵiri otsekeredwa mu mpanda, ndipo adapeza kuti pakutha pa chaka padzakhala mapeya 377. M'samu imeneyo palibe kalulu amene amafa, ndiponso palibe mwana amene amatumidwa kukamweta udzu dzuŵa litapendeka. Pa khola lenileni chiŵerengero n'chochepa, komabe n'chokwanira kuthetsa nzeru banja lokhala m'nyumba ya lendi. Kalulu mmodzi woswa kanai pa chaka, ana 6 ulendo uliwonse, wabala ana 24, ndipo ana aakazi a ulendo woyamba amayamba kuswa chaka chomwecho, popeza amakhwima pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Wamkazi amatha kutenga bere lina tsiku lotsatira ataswa. Khola limene wamphongo ndi wamkazi amagona pamodzi limasefukira, ndipo mwiniwake amayamba kugaŵa ana mothamanga, posafuna kuthandiza munthu koma kupeputsa katundu. Mankhwala ake ndi chipupa cha matabwa pakati pa aŵiriwo, ndi kusakweretsa kufikira woŵeta atadziŵa kumene ana adzapite. Nayo nyengo iŵerengedwe. Kuyambira Disembala mpaka Epulo msipu uli paliponse, m'mbali mwa miseu ndi m'mabwalo a sukulu. Pofika Seputembala kwauma, ndipo wopanda dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kapena masangwe a mtedza osunga pa denga amayenda mtunda wautali kuti adzaze thumba. Mwana wopatsidwa kwa woŵeta watsopano m'chilimwe amayamba moyo wake pa njala.

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo munthu saika chuma chake pa malo amene sadaŵaone. Makolo akale poikiza mbuzi kapena nkhuku kwa mbale ankayamba adziŵa khola lake ndi khalidwe lake, ankapitako kukazonda, ndipo wosungayo ankalandira gawo lake ziŵeto zikaswana. Nzeru yomweyo ndiyo idamanga ndondomeko zopatsirana ziŵeto zimene boma ndi mabungwe akhala akuyendetsa m'midzi ya dziko lino. Bungwe la Heifer International, limene lidayamba ku America m'chaka cha 1944, lidatchuka ndi lamulo lakuti banja liyambe laphunzira ndi kumanga khola lisanalandire chiŵeto, ndipo mwana wamkazi woyamba apite ku banja lina lokonzeka chimodzimodzi. Ku Ghana, pamene boma lidayambitsa ntchito yaikulu ya akalulu m'chaka cha 1972 pansi pa mfundo yakuti dziko lidzidyetse lokha, ofuna mbeu ya akalulu ankayamba aloŵa maphunziro a kaŵetedwe. Ngati maboma ndi mabungwe adaona kuti chiŵeto sichiperekedwa kwa munthu wamanjamanja, mnyamata wa ku Biwi asachite manyazi kunena kwa mnzake kuti, “Uyambe wamanga khola, ndidzaone.”

Zofunsa si zambiri. Khola lilipo, louma, lokwezeka, lotseka bwino? Makolo a mwanayo avomera, kapena kaluluyo akabisidwa kuseri kwa bafa? Eninyumba alola ziŵeto pa puloti yao? Sukulu ikatsekulira, kapena mwanayo akapita ku tchuthi kumudzi, adzamweta udzu ndani? Palinso mabanja amene chipembedzo chao sichilola kudya kalulu, monga a mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo mphatso yosafunsa ingasanduke mtolo pakhomo potero. Wolandirayo auzidwenso zoyenera kupeŵa: masamba a matimati, a mbatatesi, a nsatsi ndi a mapeyala ndi poizoni kwa kalulu, masamba a pa msika angakhale opoperedwa mankhwala, ndipo msipu wonyoŵa ndi mame uyambe wafota pa mthunzi. Udzu wouma usasoŵe m'khola, pakuti ndiwo umayendetsa matumbo ndi kuperesa mano, amene mwa kalulu amakula moyo wake wonse.

Pali chizoloŵezi china chooneka ngati kukoma mtima, chopatsa munthu “banja”, wamphongo ndi wamkazi a m'chisa chimodzi. Ameneŵa ndi mlongo ndi mlongo wake, ndipo ana ao akapatsidwanso kwa wina chimodzimodzi, mbeu ya m'dera lonse imaloŵa pansi: akalulu amachepa thupi, amaswa ana oŵerengeka, ena opotoka mano. Wopatsa apereke aakazi, ndipo wamphongo akafunidwe ku khola lina losakhala pa chibale, kaya ku Chinsapo, ku Area 25 kapena ku Mgona; ulendo wa minibasi umodzi umakonza mbeu ya zaka zingapo. Pa masabata 8 kusiyanitsa wamphongo ndi wamkazi n'kotheka kwa munthu wozoloŵera, ndipo pofika miyezi itatu ayenera kukhala atalekanitsidwa. Pa tsiku la ulendo kalulu anyamulidwe m'maŵa kusanatenthe, m'katoni yoboola yoyalamo udzu wa m'khola lake, pamodzi ndi chakudya chimene adazoloŵera chokwana masiku angapo. Asagwidwe makutu. Dzanja limodzi ligwire chikopa cha pamapewa, lina lichirikize kumbuyo, popeza kalulu wolendeŵera akaphiriphitha amatha kuthyoka msana.

Wolandira amene ali kale ndi akalulu ena asasakanize mlendo tsiku lomwelo. Amsunge payekha masabata aŵiri, akuyang'ana m'makutu ngati muli nkhanambo, m'mphuno ngati muli mamina, ndi kumbuyo ngati kuli kouma. Chenjezo limeneli lakula mphamvu m'zaka zino. Matenda oopsa otayitsa magazi m'kati mwa thupi la kalulu, amene adaoneka koyamba ku China m'chaka cha 1984, adafika ku South Africa m'chaka cha 2022 ndipo adapha akalulu oŵeta ndi akutchire omwe. Kachilombo kake kamayenda pa nsapato, pa zovala ndi pa makatoni, ndipo msewu wa pakati pa Johannesburg ndi Lilongwe sugona. Akalulu akayamba kufa motsatizana popanda chizindikiro, woŵeta asagulitse otsalawo mothamanga monga ena amachitira ndi nkhuku chitopa chikaloŵa. Akauze alangizi a ziŵeto. Mzinda uno suli wosoŵa othandiza: ku Bwemba kuli nyumba yaikulu ya boma yopimira matenda a ziŵeto, ku Bunda sukulu ya ukachenjede ya LUANAR imaphunzitsa madokotala a ziŵeto, ndipo bungwe la LSPCA, limene lidayamba m'chaka cha 2008, limagwira ntchito yosamalira ndi kuteteza nyama mu Lilongwe momwemuno.

Nanga ana akachuluka ndipo khola loyenera lasoŵa? Ena amaŵatengera ku dambo kapena ku nkhalango ya kumanda n'kuŵamasula, podzitonthoza kuti abwerera kwao. Kutchire si kwao. Kalulu woyera wobadwira pa matabwa sadziŵa kubisala, ndipo agalu, amphaka ndi akabaŵi amamutha dzuŵa lisanaloŵe kaŵiri. Kumene akalulu omasulidwa adapulumuka, zotsatira zake zidakhala zoopsa mwa njira ina: ku Australia, akalulu 24 amene Thomas Austin adamasula pa munda wake ku Victoria m'chaka cha 1859 adaswana mpaka kuononga msipu wa dziko lalikululo, kotero kuti m'chaka cha 1950 boma lidachita kufalitsa dala matenda pofuna kuŵachepetsa.

Ku Tsabango kalulu amaŵetedwa kaamba ka ndiwo, ndalama ndi manyowa a m'dimba, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Amphongo otsala, amene palibe woŵafuna wokonzeka, asungidwe pakhomo, aliyense m'chipinda chake akayamba kumenyana, adyetsedwe bwino kufikira miyezi inai kapena isanu, ndipo aphedwe mofulumira ndi munthu wamkulu wodziŵa ntchitoyo, kutali ndi khola. Pa msinkhu umenewo kalulu mmodzi amakwana ndiwo ya banja la anthu asanu, ndipo zitosi za miyezi yonseyo zimakhala zitapita kale pa bedi la mpiru kuseri kwa nyumba.